Kosi ya Competent Crew ndi Day Skipper kwa amene mukufuna kudzakhala pa boti mukapuma pa ntchito: mmene ndinaionera

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene mulibe nthawi musavutike kuwerenga zonse. Makosi awiriwa ndi abwino, ndalama zake sizipita pachabe, ndipo ngati muli ndi maganizo oti mukapuma pa ntchito mudzagule boti la matanga nkumakhala momwemo, musagule kalikonse, olo chingwe, musanapite kukagona pa boti la sukulu masiku asanu a kosi. Kungoti satifiketi imene mutenge kumeneko ikunena kuti mutha kuyendetsa boti masana pa madzi amene mukuwadziwa, basi. Siikunena kuti mutha kukhala pa boti. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo sukulu imene ife tinapitako inatiphunzitsa bwino choyambacho, chachiwiricho tinachita kutola tokha pofunsa mafunso usiku aphunzitsi akufuna kugona.

Ine ndi mayi akunyumba tatsala pang'ono kupuma, ana anakula aliyense ali pake, nde maganizo a boti anayamba ngati nthabwala poonera mavidiyo a pa YouTube a anthu amene anagulitsa nyumba nkumazungulira dziko. Mavidiyo aja ndi okoma koma amajambula dzuwa likulowa, sajambula munthu atagwada mchimbudzi sipanala ili mmanja. Tinagwirizana kuti tisanakambe zogulitsa china chilichonse tikaphunzire kaye, tonse awiri osati ine ndekha.

Kwa amene simukudziwa mmene zimayendera, RYA ndi bungwe la ku Britain la zamaboti, linayamba kale mu 1875, ndipo ilo limakonza silabasi ndi kuvomereza masukulu, koma masukuluwo ndi a anthu eni ake, ali mmayiko ambiri. Choncho mukamva kuti sukulu ndi ya RYA dziwani kuti zophunzira ndi zofanana koma boti, aphunzitsi ndi chisamaliro zimasiyana kutalitali. Makwerero ake amayamba ndi Competent Crew, masiku asanu, safuna kuti mudziwe kanthu, mumangophunzira kukhala munthu wothandiza pa boti osati katundu. Kenako pali Day Skipper ya mkalasi, maola pafupifupi 40, mutha kuchita pa intaneti, nkubwera Day Skipper ya pamadzi, masiku asanu enanso, ndipo iyi amafuna kuti mukhale mutayendapo kale masiku 5, mailosi 100 ndi maola 4 a usiku. Pamwamba pake pali Coastal Skipper ndi Yachtmaster, ndipo kuti mulembe mayeso a Yachtmaster Offshore amafuna masiku 50 ndi mailosi 2,500, nde ife a penshoni tisathamangire kumeneko. Ku America ali ndi yawo ya ASA, amawerenga 101, 103, 104, mfundo zake ndi zomwezo. Makampani ambiri obwereketsa maboti ku Mediterranean amafuna kuona pepala ngati limeneli kapena ICC, satifiketi yodziwika mmayiko ambiri yosonyeza kuti mutha kuyendetsa boti, asanakupatseni makiyi.

Ife tinasankha sukulu ina ku Solent, kumwera kwa England, madzi a pakati pa Isle of Wight ndi kumtunda. Anthu ambiri amathamangira ku Greece kapena Croatia chifukwa kuli dzuwa ndipo madzi sakwera kapena kutsika kwenikweni, ine ndikuti ngati cholinga chanu ndi kudzakhala pa boti pitani kumene kuli kovuta. Ku Solent madzi amakwera nkutsika kawiri pa tsiku, mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu amakwera kwambiri nkutsikanso kwambiri, ndipo akamatuluka kapena kulowa amathamanga moti pa malo opanikizika ngati ku Hurst mutha kuona matanga akoka bwinobwino boti likudula madzi koma mukayang'ana kumtunda nyumba yomweyo ili pomwepo, simukusuntha. Ku Southampton madzi amafika pamwamba kawiri motsatizana, pakati pa Solent pali mchenga wa Bramble Bank umene umaonekera madzi akaphwa kwambiri, ndiye onjezanipo sitima zikuluzikulu zonyamula makontena, ma ferry, ndi hovercraft ya pakati pa Southsea ndi Ryde imene imangotulukira ngati mphezi. Munthu wophunzira pamenepa kwina konse amakaona kuphweka.

Boti lake linali la mamita pafupifupi 11, ophunzira asanu mphunzitsi mmodzi, ndipo pamenepa ndi pamene ndikuti pali phindu lenileni la kosi kwa munthu woganiza zopumira pa boti. Ife anatipatsa kachipinda ka kutsogolo, bedi lake ndi lotakasuka kumutu koma kumapazi limathera pamodzi nde mapazi anu ndi a anzanu amakumana kaya mwayambana kaya ayi. Mmawa denga limakhala litanyowa ndi mpweya wanu womwe, madontho akugwera pa bulangeti, zovala zimene munanyowa nazo dzulo zili chinyowere chifukwa mpweya wa mchere suumitsa kanthu. Chimbudzi ndi cha pampu ya manja, pali kachitsulo kotembenuza kuti madzi alowe, mumapopa, kenako kutembenuzanso kuti atuluke, mumapopanso kambirimbiri, ndipo khoma lake ndi thabwa lopyapyala moti aliyense mboti akudziwa kuti mwapopa kangati. Aphunzitsi ananena tsiku loyamba kuti mmenemo simulowa china chilichonse kupatula chimene chadutsa mthupi mwanu, ndipo amene atseke paipi akatsegula yekha. Palibe anaseka. Madzi a mthanki ndi owerengeka, mbale mumatsuka ndi timadzi tochepa, shawa mumadikira mukafike ku marina, doko loimikapo maboti. Gasi wa sitovu mumatseka ku silinda mukangomaliza kuphika chifukwa gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amatsikira pansi pa boti nkukhala pamenepo kudikira moto. Zonsezi palibe amene amakupatsani malikisi, koma ndi mayeso enieni. Munthu mmodzi pa gulu lathu, amene anabwera ndi zithunzi za maboti ogulitsa mufoni, pofika tsiku lomaliza anali atasiya kutionetsa.

Za kuyendetsa kwenikweni, apa sukulu inachita bwino ndipo aphunzitsi a kosi yoyamba anali munthu wodekha zedi. Chinthu choyamba chimene chimasokoneza mutu ndi choti boti la matanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera, pali mpata wa madigiri pafupifupi 45 mbali iliyonse umene matanga amangokupiza osakoka, nde ngati kumene mukupita ndi kumeneko mumayenda mokhotakhota, kumanja kenako kumanzere, amati tack. Kutembenuka mphepo ili kumbuyo amati gybe ndipo ndi kumene kuli ngozi, chifukwa boom, chitsulo chija chopingasa pansi pa thanga lalikulu, chimatha kuwoloka mwamphamvu kuchoka mbali ina kupita ina ndipo mutu ukapezeka panjira nkhani yatha. Anatibwereza zimenezi mpaka thupi linayamba kuwerama lokha. Anatiphunzitsa kuchepetsa thanga mphepo ikamakula, ndipo lamulo lawo linali loti mukangoyamba kudzifunsa ngati muchepetse ndiye kuti nthawi yakwana kale. Boti lopendekeka kwambiri silithamanga, limangotopetsa anthu ndi kugwetsa makapu. Winchi, chitsulo chozungulira chokokera zingwe, nayo ili ndi mwambo wake, chingwe mumakulunga motsata mmene wotchi imayendera, zala kutali, chifukwa thanga lodzadza mphepo limakoka ndi mphamvu yoti chala sichingapikisane nayo. Mfundo za zingwe ndi zingapo, bowline ndi imene mudzagwiritse ntchito tsiku lililonse, phunzirani kunyumba musanapite mpaka muziimanga muli chitsinzinire, mudzasunga nthawi ya pamadzi.

Chimene sindimayembekeza ndi choti mantha ambiri sali pakati pa nyanja, ali mu marina. Boti lilibe mabuleki, likamayenda pang'onopang'ono chiwongolero sichimva, mphepo ikukankha mphuno yake cham'mbali, madzi akukokera kwawo, ndipo mukaika giya ya mbuyo pulopela imakokera matako a boti mbali imodzi lisanayambe nkomwe kubwerera. Uku maboti a eni ake odula ali mbali zonse ndipo eni akewo ali chiimire ndi makapu a khofi kukuonererani. Pa Day Skipper tinathera nthawi yaitali tikungolowa ndi kutuluka pa malo oimikapo ndipo ndikanakonda akanaonjezera, chifukwa banja la anthu awiri okalamba lilibe anyamata anayi odumphira pa jeti ndi zingwe. Aphunzitsi anationetsa njira yogwiritsa chingwe chimodzi chapakati, mumachikoletsa pa chitsulo cha pa jeti muli mboti momwemo, injini nkumakankha pang'ono kutsogolo, boti limadziphatika lokha kumbali osadumpha munthu. Njira imeneyi yokha kwa ine inabweza theka la ndalama za kosi.

Kupulumutsa munthu wogwera mmadzi timayeserera ndi fenda, chibaluni choteteza mbali ya boti, yomangirira ku ndowa. Wina amakuwa, wina amaloza osachotsa maso olo kamphindi chifukwa mutu wa munthu pakati pa mafunde umasowa msanga, wina amaponya boya, wina amadina batani pa GPS, woyendetsa nkutembenuza boti. Zinayenda bwino mpaka mayi akunyumba anafunsa kuti, aphunzitsi, nanga tikakhala awiri okha, bambowa nkugwera, woloza ndani, woyendetsa ndani, ndipo ndiwakweza bwanji munthu wa thupi lotere zovala zitamwa madzi? Aphunzitsi anayankha mosabisa kuti pa boti la anthu awiri pulani yeniyeni ndi yoti musagwe, muzivala jekete yopulumutsira moyo yomanga lamba wa pakati pa miyendo, ndipo usiku kapena kukachita mafunde muzidzikoletsa ku boti ndi lamba. Kenako anationetsa mmene mungakwezere munthu ndi chingwe cha pa mlongoti ndi winchi, ndipo mayi anayesa pa ine tili pa jeti, zinatheka koma thukuta linatuluka.

Gawo la mapu ndi limene anthu ambiri amaliopa koma ine linandikomera. Inde pali GPS ndi ma apu ngati Navionics, ndipo aliyense amagwiritsa ntchito, koma amakukakamizani kaye kugwira mapu a pepala, pensulo ndi kampasi, kuwerengera kuti madzi akukokerani kuti ndipo mulunjike pati kuti mukafike pamene mukufuna. Mailo imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852, knot imodzi ndi mailo imodzi pa ola. Pali kalamulo kosavuta ka kukwera kwa madzi, mumagawa kukwera konse mmagawo 12, ola loyamba amakwera gawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, kenako 2 nkumaliza 1, kutanthauza kuti pakati pamenepo madzi amasintha mwachangu ndipo pamene munadutsa bwinobwino mmawa masana keel, chipsepse cholemera cha pansi pa boti, ikhoza kukhala pamatope. Ulendo wa usiku ndi umene sindidzaiwala, kumtunda kuli magetsi a misewu, a galimoto, a nyumba, ndipo pakati pa zonsezo mukufuna kakuwala kamodzi kamene kakuphethira mwa mtundu wake. Maboya osonyeza mbali yotetezeka amaphethira motsata wotchi, la kum'mawa katatu, la kumwera kasanu ndi kamodzi kenako kamodzi kotalika, la kumadzulo kasanu ndi kanayi, la kumpoto osalekeza. Boti lililonse lili ndi nyale yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, nde mukaona zonse ziwiri pamodzi dziwani kuti likubwera pa inu. Ndipo amene mukulota zowoloka nyanja dziwani kuti mitundu ya maboya a mnjira yolowera padoko imatembenuka, ku Europe, Africa ndi Australia lofiira limakhala kumanzere polowa, ku America, Japan, South Korea ndi Philippines limakhala kumanja.

Malamulo opewera kugundana ndi a dziko lonse, COLREGs a mu 1972, ndipo amawaphunzitsa mokwanira. Anthu amakonda kunena kuti boti la injini limapatukira la matanga, zoona, koma osati mnjira yopanikiza mmene sitima yaikulu singapatuke, ndipo mukangoliza injini yanu olo matanga ali mmwamba basi mwasanduka boti la injini. Mukaona sitima ya makontena ikukhota pafupi ndi Cowes, doko la pa Isle of Wight, simufunanso kukumbutsidwa.

Tsopano zimene sizinandisangalatse pa sukuluyi. Pa kosi yachiwiri anatisakaniza, ena a Day Skipper ena ongoyamba kumene, nde mphunzitsi mmodzi amagawa nthawi pakati pa wophunzira mfundo ya chingwe ndi wophunzira kulowetsa boti padoko, nthawi yanu yogwira chiwongolero imachepa. Funsani musanalipire kuti mboti mukhala anthu angati ndipo a kosi iti. Chachiwiri, analemba kuti zonse zili mu mtengo koma ndalama zogonera mma marina ena tinasonkha tokha, si zambiri koma munthu amafuna kuuzidwa. Zovala za mvula zimene anatibwereka zinali zotopa, madzi amalowa mmapewa. Chimene chinandinyansa kwambiri ndi choti aphunzitsi a kosi yachiwiri, munthu wodziwa ntchito yake ndithu, akamafotokoza za injini kapena za mapu amayang'ana ine, akafuna wina wopanga tiyi amayang'ana mayi. Mayi anawauza poyera kuti nawonso analipira ndalama zofanana, zinasintha, koma sizimayenera kufika pamenepo. Ndipo kuyendera injini mmawa, kuona oyilo, madzi, lamba, sefa ya madzi a mnyanja ndi kuona ngati madzi akutuluka ku ekizozi, amangothamangira ngati mwambo, pomwe kwa munthu wodzakhala pa boti pamenepo ndi pa mtima.

Apa nde ndifike pa zimene kosi siikhudza, osati chifukwa yalakwa, siinapangidwire zimenezo. Munthu wokhala pa boti nthawi yake yambiri sakhala akuyenda, amakhala ataima pa nangula kapena mu marina akukonza chinachake. Nangula tinaponya kangapo masana nyengo ili bwino, anatiuza kuti unyolo uzikhala wotalika kanayi kuposa kuya kwa madzi pamene akwera kwambiri, chingwe kasanu ndi kamodzi, ndipo mubweze boti ndi injini kuti nangula alume pansi. Koma kugona pa nangula mphepo itasintha pakati pa usiku, unyolo ukulira, inu mukusuzumira pawindo kuona ngati nyale ya kumtunda ija ili pomwe inali, zimenezo mudzaphunzira nokha, ndipo ngati bajeti yanu ikudalira kugona pa nangula kuti mupewe ndalama za marina ndiye moyo wanu ndi umenewo.

Injini ya dizilo ndi nkhani ina. Pali kosi yapadera ya tsiku limodzi ya Diesel Engine ndipo ine ndikuti kwa ife ndi yofunika mofanana ndi Day Skipper, kusintha impeller, kaja ka labala kamene kamapopa madzi oziziritsa injini, kusintha sefa ya mafuta, kutulutsa mpweya mu mapaipi a dizilo, ndi kudziwa kuti dizilo wokhalitsa mthanki yolowa chinyezi amamera tizilombo timene timapanga zinthu zakuda zonanda, nkudzatseka sefa tsiku lomwe mafunde avundula thanki, lomwenso ndi tsiku limene mukuifuna injini kwambiri. Magetsi mumapanga nokha, sola, alternator ya injini, mwina kachigayo ka mphepo, ndipo firiji yokha imadya gawo lalikulu, mukaonjezera autopilot, laputopu ndi Starlink mabatire amayamba kukulamulirani tsiku. Ambiri pano akusinthira ku mabatire a lithium koma sikungochotsa akale nkuika atsopano, mawaya ndi zochajira zimafuna kusinthidwa, ndipo a inshuwalansi amafuna kudziwa amene anaika. Madzi akumwa mumatunga padoko kapena kugula makina osefa madzi amchere, amene nawo amafuna magetsi ndi chisamaliro. Pansi pa boti pamamera ndere ndi tizigoba nde pafupifupi chaka chilichonse boti limatulutsidwa ndi kireni kukapaka penti yapadera ndi kusintha ma anode, tizitsulo timene timadyeka kuti pulopela isadyeke. Mawaya achitsulo ogwira mlongoti amaoneka bwino mpaka tsiku loduka, nchifukwa chake makampani ambiri a inshuwalansi amafuna asinthidwe pakatha zaka pafupifupi 10. Pansi pa boti pali mabowo angapo otsekedwa ndi mavavu, limodzi likachita dzimbiri nkuthyoka nyumba yanu ikumira. Chuku mmakabati ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku.

Eni maboti amakonda kunena kuti chaka chilichonse muziyembekeza kuwononga gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa boti pongolisamalira, ena amati nzokokomeza ena amati nzochepa, koma mfundo ndi yoti boti lotchipa pogula silikhala lotchipa posunga, ndipo nyumba ikhoza kukwera mtengo mutagona pomwe boti limatsika. Musagule popanda kulemba katswiri wanu woliyendera litatulutsidwa mmadzi, osati wa wogulitsa. Marina amalipiritsa potengera kutalika kwa boti, mita iliyonse yoonjezera mudzailipira chaka ndi chaka, catamaran, boti la matupi awiri, chifukwa cha kufutukuka kwake imalipira koposa, ndipo si marina onse amene amalola munthu kukhala mboti chaka chonse, funsani kaye ndipo akuyankheni molemba. Ife tinapita tikuganiza za boti lalikulu kuti adzukulu azidzagona, tinabwerako tikukamba za laling'ono loti mayi okha kapena ine ndekha nkulilowetsa padoko, chifukwa thanga lalikulu, nangula wolemera ndi zingwe zonenepa zonse zimafuna msana umene ukuchepa mphamvu chaka ndi chaka.

Mapepala nawo ndi katundu. Ngati pasipoti yanu si ya mayiko a EU kapena a Schengen, gulu la mayiko a ku Europe opanda chipikisheni pa malire pakati pawo, mumaloledwa kumeneko masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse, nde maloto okhala chaka chonse pakati pa Spain, Italy ndi Greece amafuna viza ina kapena kumatuluka kupita kumayiko ngati Turkey kapena Tunisia kukadikira. Boti lolembetsedwa kunja kwa EU, mwini wake wokhala kunja, limaloledwa kukhala mu EU miyezi 18 lisanafunsidwe msonkho. Ku Caribbean nyengo ya anamondwe akuluakulu ndi kuyambira pa 1 June mpaka pa 30 November ndipo inshuwalansi imakuuzani kumene boti lisapezeke nthawi imeneyo. Banki, a penshoni ndi a chipatala onse amafuna adilesi ya pamtunda. Mankhwala a BP kapena a shuga muyenera kudziwa kuti mwezi wa mawa mukawapeza kuti ndipo akalola pepala la dokotala wa dziko lina kapena ayi. Wailesi ya VHF imafuna satifiketi yake, SRC, kosi yake ndi yaifupi ndipo ife tinachita, channel 16 ndi ya ngozi ndi kuitanirana, Mayday ndi pamene moyo uli pachiswe, Pan-Pan ndi vuto lachangu koma losafika pamenepo. Wopita kutali amafunanso EPIRB, kachipangizo kotumiza chizindikiro ku satelayiti pa 406 MHz.

Kwa amene mukulota zowoloka Atlantic, ingowerengerani. Boti ngati limene tinaphunzirirapo mumaliwerengera ma knot 5, ndiye kuti makilomita 9 ndi pang'ono pa ola, mailosi 120 pa tsiku lathunthu usana ndi usiku. Ulendo wa gulu wa ARC, umene unayamba mu 1986, umanyamuka ku Las Palmas, ku zilumba za Canary, mu November kupita ku Saint Lucia ku Caribbean, mailosi pafupifupi 2,700, nde ndi masabata atatu ndi pang'ono, kapena kuchepera mphepo ikakukondani. Mukakhala awiri ndiye kuti wina akugona wina ali maso, kusinthana maola atatu kapena anayi, usiku uliwonse, tulo toduladula mpaka kufika. Maola anayi a usiku a pa kosi ndi kulawa chabe. Sindikunena kuti nzosatheka, anthu a zaka za mma 60 amawoloka chaka chilichonse, koma ambiri amatenga anthu owathandiza ndipo amakhala atayenda kaye zaka mmadzi apafupi.

Za nseru ndi chizungulire sindinena zambiri, ambiri zimawagwira tsiku loyamba kapena lachiwiri kenako thupi limazolowera, kukhala panja nkumayang'ana kutali kapena kugwira chiwongolero kumathandiza, kutsikira mkati kukawerenga mapu ndi kumene kumaputa. Mapiritsi alipo koma ena amagonetsa, ndipo ngati mumamwa kale mankhwala ena funsani dokotala. Chimene ndinaona kuti ndi chachikulu kwa ife achikulire ndi maondo, masitepe otsikira mkati ndi oimirira ndipo mumakwera nkutsika kosawerengeka pa tsiku boti likugwedezeka, kutsikira mu kaboti kakang'ono kopitira kumtunda mutanyamula zogula ndi masewera ena. Ngati mukudikira kuti mudzayambe kuphunzira mutapuma kale, yambani pano mukadali pa malipiro.

Pa nyenyezi zisanu, silabasi ndi aphunzitsi oyamba aja ndikupereka zisanu, sukulu yake zitatu ndi theka chifukwa cha kusakaniza magulu ndi zovala zodontha zija. Amene mukufuna kungobwereka boti sabata imodzi pa holide Day Skipper ikukwanirani. Amene mukufuna kusamukira pa boti onjezerani ya injini, ya wailesi, ya first aid ndi ya Sea Survival imene amakulowetsani mu dziwe kuti muyese kukwera life raft, kaboti kopopa kothawirapo pa ngozi, mutavala zonse, kenako bwerekani boti nokha awiri kwa nthawi yotalikirapo, osati mwezi wa dzuwa koma nthawi yozizira ndi mvula, muziphika, muzichapa, muzigona pa nangula. Ife nyumba sitigulitsa, tidzaika alendi kwa zaka zoyamba, ndipo boti tidzagula lakale losamalidwa bwino titamaliza zonsezi. Mayi anena kuti Coastal Skipper akachita pa boti lina popanda ine, akuti ndikakhalapo ndimayankha mafunso amene afunsidwa iwo, nde tikufufuza sukulu ina yoti tikalembetse masabata osiyana.